Kafani Kosaziziritsa Kanthu

Achemwali sanakhale n'komwe pansi tsiku limenelo. Anaima pakhomo, chikwama chili m'khwapa, akudzikupiza ndi nyuzipepala yopinda, thukuta lili kamukamu.

"Iwe Mzime, muno ndi m'chipinda kapena mu uvuni? Ababa ndikuwatenga ine."

Mzime anatsitsa mahedifoni m'khosi. Pansi pa tebulo kompyuta inkalira ngati ikufuna kuuluka, ndipo mpweya wotuluka kumbuyo kwake unkamuotcha m'miyendo. Kutsutsa kunalibe poyambira. Nyumba yake inali pamwamba penipeni pa nyumba zosanjikizana, pansi pa denga, pamene dzuwa limayambira kupsa mtima lisanatsikire kwa ena. Chipinda chinali chimodzi, kuphatikizapo kakhitchini, bafa ndi kakhonde koyanikapo zovala. M'chipinda chomwecho munali tebulo lake la ntchito, matiresi ake opinda, ndi bedi lachitsulo limene panagona bambo awo.

Sitiroko inali itawapha mbali ya kumanja n'kuwalanda mawu. Maso ndiye shuga anali atadya kale. Makutu nawo anali olema, moti kuti akumve umayenera kukweza mawu, koma phokoso la kompyuta lokha ankalimva bwino. Ikangoyamba kulira, ankatukula dzanja lamanzere n'kugogoda chitsulo cha bedi ndi mphete yawo. Ndipo pompo, ngati kuti amva kuti akukambidwa, anagogoda. Go, go.

"Wamva?" anatero achemwali. "Munthu alibe pakamwa koma dzanja likudandaula."

"Amatero tsiku lililonse, achemwali."

"Ndiye kuti tsiku lililonse akudandaula!"

"Pepani ababa, ndatsala pang'ono," Mzime anakweza mawu monga ankachitira nthawi zonse. Dzanja lija linatsika.

Achemwali sanali munthu woipa, ndipo vuto linali pomwepo, poti munthu woipa umangomutsekera chitseko. Nyumba yawo inali yaikulu, mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu. Kumbuyo kwake kunali chipinda chozizira, chachete, pansi pa mtengo. Iwo ndi alamu ankachoka m'mawa kubwera madzulo, koma anali atapeza kale mayi woti azidzayang'anira wodwalayo. Mzime ankadziwa kuti kumeneko ababa azikasamba bwino, azikadya bwino, ndipo azikaswera okha ndi munthu amene sadziwa ngakhale kuti tiyi amamukonda atazizira pang'ono.

"Ine ndine chisamba," achemwali anapitiriza, "mutu ukakula sulewa nkhonya. Chikachitika china chake muno, abale adzaloza ine. Ndibweranso kumapeto kwa mwezi ndi galimoto. Ndikadzapeza mukutentha chonchi, chinthu chakocho chikukuwa chonchi, sitidzakambirananso."

Atachoka, Mzime anakhala duu pampando. Kompyuta sakanaichotsa. Ntchito yake inali yoyesa magemu atsopano asanatuluke: kusewera malo amodzimodzi mobwerezabwereza, kugunda khoma lililonse, kulumpha pamene munthu wanzeru sangalumphe, n'kuuza kampani pamene zaphotchoka. Achemwali ankaitcha ntchito ya ana osamva. Koma ntchito ya ana osamvayo ndi imene inkamulola kukhala pakhomo tsiku lonse, pafupi ndi bedi la ababa. Kompyuta ikachoka, nayenso achoka kukasaka ntchito kunja, ababa n'kupita. Kompyuta ikakhala momwemo, ababa apitabe. Kunali kuti agwire njakata basi.

M'mawa mwake anaigoneka pansi n'kumasula chivindikiro. Fumbi limene anapezamo likanakwana kusoka bulangete. Analipukuta ndi kaburashi, akuyetsemulira m'chigongono kuti asadzutse wodwala. Mafuta oziziritsa pulosesa, ubongo wa kompyutayo, anali atauma gwa, anawapala n'kupaka ena. Ataiyatsa inalira chimodzimodzi, kungoti tsopano inkalira ili yoyera.

Anasiya ababa m'manja mwa mayi a khomo loyandikana, n'kutsikira kumsewu wa okonza mafoni ndi makompyuta, kumene aliyense wokhala ndi sikuludiraiva amatchedwa Injiniya. Injiniya amene anamupeza anatenga kafani kamodzi mwa timene Mzime anabweretsa, n'kukazunguza ndi chala. Kanalira kuti trrr.

"Tifani tating'ono tili ngati tiagalu tating'ono, mlongo, phokoso lokhalokha. Tengani mafani aakuluakulu. Amazungulira mwaulemu koma mphepo amakankha yambiri."

"Nanga kutentha?"

"Mu kompyuta kutha."

"Ndikunena m'chipinda."

Injiniya anaseka. "Apo ndiye ayi. Fani imachotsa kutentha mu kompyuta n'kukupatsirani inuyo. Siidya."

Mawu amenewo anamulasa Mzime, chifukwa anali atawamvapo kale m'kamwa mwina. Ababa anagwira ntchito moyo wawo wonse kunyumba zazikulu zoziziritsira nyama ndi zipatso. Kutsogolo kunkazizira mpaka mano kuguguda, koma iwo ankaswera kumbuyo, m'chipinda cha makina, motentha ngati mwa osula zitsulo. Ali mwana, Mzime anawafunsa kuti zimatheka bwanji kuti makina otentha choncho apange madzi oundana. Iwo anamugwira dzanja n'kuliyandikiza pa paipi. "Kutentha sikufa, Mzime. Kumangosamuka. Ntchito yathu ndi kukusonyeza njira." Mzime anakwera masitepe obwerera kwawo akuganiza kuti munthu amene akanamuthandiza pa vutoli ali gone m'chipinda momwemo, ndipo sangathe kunena ngakhale liwu limodzi.

Anaika mafani atsopano, timafani takale n'kutiponya mu dirowa. Kenako anayamba kuimana magetsi khadi ya zithunzi, chipangizo chotentha kwambiri m'kompyutamo, kutsitsa pang'ono, kuyesa, kutsitsanso, mpaka gemu inazima yokha ali pakati pa ntchito. Anakwezanso pang'ono. Anachepetsanso liwiro la zithunzi, poti maso a munthu sawerenga zonse zimene makina amadzitama nazo. Phokoso linatsika ndithu, likungomveka ngati munthu akupuma. Koma dzuwa likafika paliwombo n'kuyamba kupendeka, chipinda chinkafundabe, ndipo khosi la ababa linkanyowa thukuta. Mzime ankawapukuta uku akuyang'ana kalendala ya pafoni.

Anayesa paipi yonyezimira ija ya m'makhitchini, kuimata ndi tepi kumbuyo kwa kompyuta n'kuitulutsira pazenera. Mphepo ikawomba, mpweya wotentha unkabwerera momwemo ngati mlendo woiwala chipewa. Tsiku lina tepi inamatuka, paipi n'kugwera mu supu wa ababa. Mzime analira, osati chifukwa cha supu.

Nzeru inabwera akuyanika zovala. Khonde linali kumbali ya mthunzi, ndipo pamwamba pa chitseko chake panali bowo lolowetsa mpweya. Anakhoma shelefu pakhondepo, kuika denga la thabwa loteteza mvula, kumata kaukonde kotchinga fumbi, n'kusamutsira kompyuta panja. Anagula mawaya ataliatali a sikirini, kiyibodi ndi mahedifoni n'kuwadutsitsa pabowo lija, mipata n'kutseka ndi siponji. Atatseka chitseko n'kuyatsa, anaima pakati pa chipinda akumvetsera.

Kunali zii. Pa sikirini magalimoto ankathamanga, nyumba zikuphulika, koma m'chipinda munali bata ngati m'tchalitchi pakati pa sabata. Masana anafika, kutentha osabwera. Simunasanduke firiji ayi, koma munthu ankapuma ngati munthu. Mzime anajambula chipinda chonse, kutumizira achemwali, n'kulemba kuti: "Akugona mwa mtendere. Asiyanso kugogoda."

Kugogoda anali atasiyadi. Koma zoti akugona, Mzime anathamangira kulemba.

Masana amene kale ababa ankagona mpaka kuliza mkonono, tsopano ankakhala maso ali tong'o, mutu ukutembenukira uku ndi uku pa pilo. Dzanja lamanzere linkakoka nsalu ya pabedi mpaka kuizula. Mzime akapita kukawagwira paphewa n'kuwalankhula, ankafatsa. Akangobwerera patebulo, pasanapite nthawi ankayambanso kupuma mwabefu. Chakudya ankalandira masupuni ochepa, kenako n'kumanga milomo. Mzime anasintha pilo, anasintha nsalu, anawatembenuza pofuna zilonda, osapeza kanthu. Anaimbira namwino wa kuchipatala chaching'ono cha pafupi, amene anabwera, kuyeza, n'kukwinya nkhope poona kuti magazi akuthamanga kuposa kale.

"Pali chimene chasintha pakhomo pano?" anafunsa namwino.

"Zonse zasintha kukhala zabwino," anayankha Mzime.

Mantha anamulowa m'mafupa. Ankasewera khutu limodzi lili panja pa hedifoni, maso akuthawira kubedi, mpaka anayamba kuphonya zolakwika zoonekeratu. Akupita kumsika ankathamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Foni ikalira ankaganiza kuti ndi achemwali. Ankadzifunsa kuti kapena achemwali akunena zoona, kuti kapena chikondi chake chinali umbombo chabe, wofuna kusunga munthu amene sangathe kumusamala.

Kutatsala pang'ono kuti mwezi uthe, kampani inatumiza gemu yofunika kumvetsera mawu ake bwinobwino. Masana amenewo anavala mahedifoni makutu onse, msana ataulozetsa kubedi. Sanamve kanthu. Anangomva chinthu chikugunda tayala la mpando wake. Atacheuka anapeza ababa ali pansi. Anali atadzigwetsa pabedi, n'kudzikoka ndi mkono umodzi mpaka pansi pa tebulo, ndipo dzanja lawo linkapapasa pamalo opanda kanthu pamene kale pankakhala kompyuta. Pachipumi pankatuluka magazi pamene anagunda mwendo wa tebulo.

Mzime anakuwa mpaka mayi a khomo loyandikana anabwera opanda nsapato. Anawanyamula awiriwiri. Namwino anabweranso, nati palibe chothyoka, anatsuka bala n'kumata pulasitala yoyera, yaikulu, pakati penipeni pa chipumi. Mzime anaiyang'ana pulasitalayo n'kudziwa kuti mlandu watha. Anaganizako zowaveka chipewa. Anachita manyazi ndi maganizo akewo.

Achemwali anafika Lamlungu masana, alamu atatsala pansi m'galimoto chifukwa cha bondo ndi masitepe. Atalowa anaima, kukoka mpweya, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Eee, koma wayesetsa, mwana iwe. Muno mwasanduka mwa anthu." Kenako anafika pabedi. Anayang'ana pulasitala, anayang'ana masaya amene anali atalowa, anayang'ana Mzime. Sanakalipe, ndipo Mzime akanakonda akanakalipa. Anangoti, "Chikwama chawo chili kuti?"

Mzime anachitulutsa pansi pa bedi. Anapinda malaya, anaika mankhwala m'kathumba, anakulunga kapu yawo ya tiyi m'thaulo. Ababa anali akukoka nsalu, mutu ukuyendayenda, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Mabulangete ena ali kuti?"

"Ndayanika pakhonde."

"Katenge, alamu ako akudikira."

Mzime anatsegula chitseko cha khonde. Anali ataiwala kuti m'mawa anasiya gemu ikudziyesa yokha, ndipo kompyuta inali itagwira ntchito tsiku lonse panja potentha. Ngakhale mafani aulemu aja anali atataya ulemu. Phokoso lawo linalowa m'chipinda, lakuya, losalekeza.

Mutu wa ababa unaima. Anautembenuzira kumene kunkachokera phokosolo. Dzanja linasiya nsalu, linakwera pang'onopang'ono, mphete n'kupeza chitsulo cha bedi. Go, go.

"Pepani ababa, ndatsala pang'ono," Mzime anakweza mawu osaganiza n'komwe, bulangete lili m'manja, misozi ili m'maso.

Dzanja linatsika. Mapewa anamasuka. Ababa anatulutsa mpweya wautali, zikope zinalemera, ndipo akuonerera onse awiri, munthu amene masana ambirimbiri sanatseke diso anagona, pakamwa pali yasa.

Mzime anafuna kutseka chitseko.

"Usatseke," anatero achemwali motsitsa. Anali ataima chilili, masokosi a ababa ali m'manja. "Agogoda kangati?"

"Kawiri. Amagogoda kawiri nthawi zonse."

Achemwali anakhala pamphepete pa bedi. "Iwe unali wamng'ono. Ine ndinkawapititsira chakudya kuntchito. M'chipinda cha makina chija munthu sunkamva mawu a mnzako, ngakhale akuwe bwanji. Ndiye akafuna kudziwa ngati mnzawo wa mbali ina ali bwino, ankagogoda paipi ndi sipanala. Kawiri. Winayo n'kuyankha." Anapukuta mphuno ndi sokosi osazindikira. "Ndipo chimene ankachiopa kwambiri si phokoso. Ankati makina akangoti zii, thamanga, zinthu zaipa."

Mzime anayang'ana pansi pa tebulo, pamene ababa anapapasa tsiku lija. Ababa sankadandaula. Munthu wosaona, wosamva bwino, ankadziwa kuti chinthu chija chikalira ndiye kuti mwana wake ali pampando. Ankafunsa kuti ulipo, Mzime n'kumayankha kuti pepani. Ndipo iye, ndi sikuludiraiva yake ndi nzeru zake zonse, anathera mwezi wathunthu akudzichotsa m'chipindamo.

Koma mpweya wotentha unali utayamba kale kulowa pakhomo la khonde. Mzime anatsegula dirowa, kutulutsa kafani kakale kaja kamene Injiniya anakanyoza, kulumikiza mawaya ake awiri ku chingwe chakale cha chaja, n'kukaimika pansi pa tebulo. Anatseka chitseko cha khonde. Kafaniko kanayamba kulira, trrr, kakunjenjemera pa simenti, kakupemerera mwendo wa tebulo mphepo imene sunaipemphe. Ababa sanadzuke.

Pansi alamu analiza hutala. Achemwali anayang'ana kafaniko nthawi yaitali.

"Ndiye basi, ndipatse kameneka," anatero. "Kwathu magetsi aliko. Ndikakaika pafupi ndi bedi, kazikalira tsiku lonse. Pulasitala iyi sindingaione n'kungochoka, Mzime."

Mzime anafuna kunena zambiri, koma zonse zinkamveka ngati za munthu wokanirira chidole. Anangoti, "Yesani."

Hutala inaliranso, ndipo ababa anatsegula maso. Mzime anatuluka mwakachetechete n'kukaima pakhomo la khitchini. Achemwali anakoka mpando wa Mzime n'kukhalapo. Ababa anamvetsera kulira kwa kafani, dzanja n'kukwera. Go, go.

Achemwali anatenga supuni patebulo n'kugogoda chitsulo cha bedi, kawiri, monga ankachitira amuna aja a kumakina. Mbali yamoyo ya nkhope ya ababa inamwetulira, kumwetulira kumene ana awo anali asanakuone chidwalire. Anatambasula dzanja, achemwali n'kuligwira.

"Ndine, ababa. Chisamba chanu. Ndabwera kudzakutengani."

Ababa anasisita dzanjalo, anapapasa zibangili, analifinya mwachikondi. Kenako analisiya bwinobwino pabulangete, n'kutembenuzira nkhope kutebulo. Go, go.

Achemwali anayankhanso ndi supuni. Ababa anadikira. Kumwetulira kunayamba kuzilala, chifuwa chinayamba kukwera. Go, go.

Mzime analuma mlomo. Anaona msana wa achemwali ukugwedezeka, ndipo anawamvera chisoni kuposa mmene ankadzimvera yekha.

"Ayankhe, iwe," anatero achemwali osacheuka. "Ukudikira chiyani?"

"Ndatsala pang'ono, ababa!" Mzime anakuwa, mawu akusweka. "Ndili pompano!"

Dzanja linatsika.

Achemwali anadzuka pampando paja n'kuukankhira kwa mwini wake. Anatsegula chikwama, kutulutsa kapu ya tiyi m'thaulo n'kuibwezera pawindo, mankhwala pashelefu, malaya mu kabati. Anaimbira alamu kuti azimitse galimoto, akwere pang'onopang'ono, adzamwe tiyi. Mawa lake, anatero, atumiza kalipentala adzakhome zotchinga m'mbali mwa bedi, ndipo mahedifoni a makutu onse asadzawaonenso. Mzime ankangovomera chilichonse, akupukuta nkhope ndi bulangete.

Ali pakhomo la khitchini, ketulo ili m'manja, achemwali anaima n'kuloza kafani kaja ndi chibwano.

"Koma chinthu chimodzi, Mzime. Ukamatuluka, ngakhale kungopita kukagula buledi, uzikazimitsa n'kuwauza. Usadzakasiye kakulira iwe kulibe. Ababa sananamizepo munthu pa paipi."

Mzime anakhala pampando, anavala hedifoni khutu limodzi, n'kusendeza phazi pafupi ndi kafaniko kuti kasayende ndi kunjenjemera kwake.